Maboma asintha, koma dzanja lotseka pakamwa ndi lomwelo

Pa 5 Febuluwale 1996, nyuzipepala ya The Post ya ku Lusaka inaulula kuti boma la Pulezidenti Frederick Chiluba likukonza mwakachetechete zochititsa referendamu pa malamulo atsopano a dziko. A Chiluba sanachedwe. Analamula kuti kope la tsikulo, nambala 401, ndi loletsedwa, ndipo apolisi anagwira akonzi atatu: Fred M'membe, Bright Mwape ndi Masautso Phiri. Kumanga atolankhani sikunali kwachilendo mu Zambia. Chachilendo chinali chakuti chiletsocho chinafika mpaka pa intaneti.

Nthawi imeneyo intaneti inali khanda. Kampani ya ZAMNET, imene inabadwira pa yunivesite ya UNZA m'mbali mwa msewu wa Great East wopita ku Chelstone, inali italumikiza Zambia ku dziko lonse mu 1994, maiko ambiri a mu Africa asanayambe. Oigwiritsa ntchito anali ochepa: aphunzitsi a payunivesite, maofesi a akazembe, ndi mabanja opeza bwino a ku Kabulonga. Komabe boma linaopa. ZAMNET inakakamizidwa kuchotsa kope 401 pa makina ake, ndipo ambiri amaiwerenga nkhaniyi ngati chiyambi cha kutsekereza nkhani pa intaneti mu Africa. Koma wowerenga wina wa ku America anali atalisunga kale kopelo, n'kuliikanso poti aliyense aone. Boma la chipani cha MMD, limene linalowa mu 1991 polonjeza ufulu wolankhula, ndi limene linayambitsa mchitidwewu.

Chipani cha PF chitalowa mu 2011, mafoni anali atafika m'manja mwa anthu wamba. Mu Juni 2013, ulamuliro uli m'manja mwa a Michael Sata, tsamba la Zambian Watchdog linasiya kutseguka m'dzikomo, kenako la Zambia Reports. Atolankhani Thomas Zgambo, Clayson Hamasaka ndi Wilson Pondamali anamangidwa powaganizira kuti amalembera Watchdog. Tsambalo linkalemba zina zoona, zina zonyoza anthu popanda umboni, ndipo amene linawaipitsira mbiri anali ndi chifukwa chodandaulira. Koma makhothi analipo. Kutseka tsamba lonse kunangokankhira owerenga ku Facebook, kumene Watchdog inakakhazikika.

Boma nalo linawatsatira komweko. Mu 2018 nduna zinavomereza kuti woimba foni kudzera pa intaneti azilipira 30 ngwee patsiku. Mu Malichi 2020, mnyamata wa zaka 15 anamangidwa ku Kapiri Mposhi pomuimba mlandu wonyoza Pulezidenti Edgar Lungu pa Facebook, pansi pa gawo 69 la malamulo a milandu, limene chilango chake chinali kufika zaka zitatu m'ndende. Mwana wa sukulu! Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma apa boma lathunthu linalephera kupirira mawu a mwana. Mu Juni chaka chomwecho, apolisi atadzaza m'misewu ya Lusaka kuti aletse zionetsero za achinyamata, oimba monga Pilato, B Flow ndi Maiko Zulu anakachitira zionetserozo kutchire, n'kuzionetsa pompopompo pa masamba a mchezo.

Tsiku limene anthu a mu Lusaka saliiwala ndi la chisankho, pa 12 Ogasiti 2021. Anthu analawirira kukada kukaima pa mizere ku Kabwata, ku Chelstone, ku Woodlands, ambiri a iwo achinyamata ovota koyamba, foni ili m'manja. Dzuwa litapendeka, mauthenga a pa WhatsApp anangoima; pakona pa uthenga pamangooneka kawotchi, osapita. Wina ankayesa kuti bando yatha, wina ankazimitsa foni n'kuyatsanso. Bungwe la NetBlocks, loyang'anira kayendedwe ka intaneti, linatsimikiza kuti WhatsApp, Facebook, Instagram ndi Twitter zatsekerezedwa. Usiku womwewo mawu akuti VPN, amene kale ankadziwika kwa anyamata okonza mafoni mu Katondo Street, anali pakamwa pa aliyense. Ovutika kwambiri sanali andale ayi. Anali amayi ogulitsa zovala ndi makeke kudzera pa WhatsApp, ndi abale akunja ofuna kumva ngati kwawo kuli mtendere.

Bungwe la Chapter One Foundation, limene panthawiyo linkatsogozedwa ndi loya Linda Kasonde, linathamangira ku khothi lalikulu kukasumira ZICTA, bungwe loyang'anira zamatelefoni ndi intaneti. Khothi linalamula kuti masambawo atsegulidwe, ndipo pa 14 Ogasiti anayambanso kugwira ntchito. Mu Malichi 2022 mbali ziwirizo zinagwirizana pamaso pa khothi kuti ZICTA sidzachitanso zinthu zopyola mphamvu zake, ndipo intaneti ikadzasokonekera, idzafotokozera anthu chifukwa chake pasanathe maola 36.

A Hakainde Hichilema a chipani cha UPND, amene anapambana chisankhocho ndi mavoti pafupifupi miliyoni imodzi kuposa a Lungu, anali atadzudzula kwambiri lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes Act limene a Lungu anasaina mu Malichi 2021. Mu Disembala 2022 anachotsadi gawo 69 lija, ndipo pamenepa ayenera kuyamikiridwa. Koma zizindikiro zina zinayamba kuoneka msanga. Mu Januwale 2022, chisankho chapadera cha ku Kabwata chikuyandikira, apolisi anapanikiza ndi mafunso mtolankhani wa KBN TV, Petty Chanda, chifukwa choulutsa mawu ojambulidwa mobisa a akuluakulu awiri a boma. A Zgambo, omwe aja anamangidwa nthawi ya a Sata, anamangidwanso mu 2023 ndi mu 2024 chifukwa cha zimene analemba pa Facebook.

Mu Epulo 2025, a Hichilema anasaina malamulo awiri atsopano, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Boma likuti cholinga ndi kuthana ndi akuba a pa foni, ofalitsa zolaula za ana ndi ozunza anzawo pa intaneti, ndipo mavuto amenewa ndi enieni; ndani mu Lusaka sanalandireko uthenga wa wakuba wonamizira kuti watumiza ndalama molakwitsa? Chovuta n'chakuti nthambi yoyang'anira chitetezo cha pa intaneti yaikidwa pansi pa ofesi ya Pulezidenti. Ofesi ya kazembe wa America ku Lusaka inachenjeza nzika zake za lamulo la Cyber Security Act, ndipo bungwe la maloya la LAZ linakalitsutsa kukhothi.

MMD, PF ndi UPND zonse zinalira kuti zikutsekedwa pakamwa zili kotsutsa, ndipo zonse zitalowa ku State House zinapeza chifukwa chosungira mphamvu yomweyo. Aphungu a Nyumba ya Malamulo achotse nthambi ya chitetezo cha pa intaneti ija m'manja mwa Pulezidenti, ndipo ZICTA isunge pangano limene inasaina kukhothi mu 2022.