Anthu a ku Mongolia pa nsalu za ojambula awo

Wofuna kudziwa mmene anthu a ku Mongolia akhala akudzionera ayambe ndi Balduugiin Sharav, amene anabadwa mu 1869 n'kumwalira mu 1939. Chithunzi chake chosonyeza tsiku limodzi m'dzikolo chili ndi anthu miyandamiyanda: ena akumanga ger, nyumba yozungulira ya abusa, ena ali pa ukwati, mayi akubereka, kwina kuli maliro. Palibe amene waphimba mnzake, ndipo diso limayambira paliponse. Munthu pamenepo amadziwika ndi ntchito yake komanso omuzungulira. Kajambulidwe kameneka, kochokera m'akachisi achibuda, ndiko kanadzatchedwa Mongol zurag.

Boma lachikomyunizimu, lomwe linakhazikika mu 1924, linkafuna munthu wina pa nsalu: wantchito kapena msilikali woima monyadira, monga ankaphunzitsira ku Moscow. Kuyambira mu 1937 akachisi mazanamazana anagwetsedwa, amonke zikwizikwi n'kuphedwa. Luso lakalelo linapulumukabe. Mu 1958 Ürjingiin Yadamsüren anajambula nkhalamba ikuimba morin khuur, choimbira chonga kaligo koma cha zingwe ziwiri ndi mutu wa hatchi, ndipo boma linalandira chithunzicho poti chinkaoneka ngati chuma cha fuko osati chipembedzo.

Demokalase itabwera mu 1990, funso loti Mmongolia ndani linatseguka, ndipo achinyamata anabwerera ku zurag. Uuriintuya Dagvasambuu amajambula moyo wa akazi amakono, Baasanjav Choijiljav amadzudzula dyera la andale, Nomin Bold amaika zifaniziro zachibuda pakati pa chipwirikiti cha mzinda wa Ulaanbaatar. Uuriintuya ndi Nomin anaonetsa ntchito zawo ku Brisbane mu 2015. Otsutsa amati izi n'zokopera alendo okonda mahatchi ndi zigwa, komanso kuti mwambowu unaumbidwa ndi boma lomwelo lomwe linagumula akachisi. Chachiwirichi chili ndi choonadi, koma palibe mwambo umene sunadutse m'manja mwa olamulira. Choyambacho chimagwa ukayang'ana zimene zajambulidwazo, chifukwa mlendo sapita kukafuna chithunzi cha magalimoto othithikana. Pafupifupi theka la anthu a dzikolo akukhala ku Ulaanbaatar, ambiri m'ma ger a m'mphepete mwa mzinda, ena atataya ziweto pa chisanu choopsa chotchedwa dzud. Munthu wotere ndi mbusa komanso wam'tauni nthawi imodzi, ndipo chithunzi cha nkhope imodzi yoyang'ana mbali imodzi sichingamukwane. Zurag imalola dzulo ndi lero, msipu ndi msewu, kukhala pa nsalu imodzi popanda chimodzi kukankhidwira kumbuyo.