Mano Obadwa Nawo: Mbiri ya Mmene Anthu Akhala Akuwaonera

Kawirikawiri khanda limayamba kumera mano likakwanitsa miyezi pafupifupi 6, koma mwa apo ndi apo pamabadwa mwana yemwe dzino laonekera kale pa nkhama zake. Kwa zaka mazanamazana anthu ankaliona dzino lotere ngati chizindikiro cholosera tsogolo la mwanayo, ndipo panadutsa nthawi yaitali lisanayambe kuonedwa ngati nkhani ya thupi yofunika kupimidwa.

Wolemba mabuku wa ku Roma, Pliny, cha m'ma 77 Khristu atabadwa, analemba kuti Manius Curius Dentatus, mkulu wa asilikali amene anagonjetsa mfumu Pyrrhus m'chaka cha 275 Khristu asanabadwe, anabadwa ndi mano, chimodzimodzinso Papirius Carbo, ndipo onse awiri anadzakhala anthu otchuka. Kwa mwana wamkazi zinthu zinali zosiyana, chifukwa mtsikana wina dzina lake Valeria atabadwa ndi mano, olosera anati mzinda uliwonse umene adzapite nayeko udzaonongeka, choncho anamutumiza ku Suessa Pometia, mzinda umene pambuyo pake unagwadi. Dzino lomwelo linali mwayi kwa mnyamata koma malodza kwa mtsikana.

Ku England chikhulupiriro chimenechi chinalowa m'ndale. Mfumu Richard III itaphedwa pa nkhondo ya ku Bosworth m'chaka cha 1485, wolemba mbiri John Rous, yemwe ankaitamanda ili moyo, anatembenuka n'kulemba kuti inakhala m'mimba mwa mayi ake zaka ziwiri ndipo inabadwa ndi mano komanso tsitsi lofika m'mapewa. Wolemba wina, Thomas More, anabwereza mphekeserayo, kenako Shakespeare anaifalitsa m'masewero ake, moti mano a khanda anasanduka umboni wakuti munthuyo anali wankhanza chibadwire.

Maganizo anayamba kusintha pamene madokotala anayang'anitsitsa m'kamwa mwa makandawo. M'chaka cha 1881 Antonio Riga wa ku Italy anafotokoza za chilonda chimene chimabuka kunsi kwa lilime la khanda, ndipo mu 1890 Francesco Fede anapima mnofu wa chilondacho pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Chilondachi, chimene tsopano chimadziwika ndi mayina a anthu awiriwa, chimayamba chifukwa lilime limakhuzika pa nsonga ya dzino nthawi iliyonse mwana akamayamwa, mpaka ululu umamuchititsa kukana bere. Mu 1950 ofufuza awiri, Massler ndi Savara, anagawa manowa m'magulu awiri, obadwa nawo ndi omera m'masiku 30 oyambirira, ndipo kagawidwe kameneka kakugwirabe ntchito.

Kafukufuku wa m'zaka zotsatira anasonyeza kuti kubadwa ndi mano kumachitikira khanda limodzi mwa makanda pafupifupi 2,000 mpaka 3,500, kuti pafupifupi 85 mwa mano 100 otere amakhala akutsogolo a m'munsi, komanso kuti ochuluka kwambiri si mano owonjezera koma mano oyamba a mwanayo amene angofulumira kutuluka. Popeza muzu umakhala usanakule, dzinolo limangogwiridwa ndi nkhama, limagwedera likakhudzidwa, ndipo nthawi zambiri limakhala laling'ono ndi lachikasu. Zimachitika mobwerezabwereza m'mabanja ena, zimayenderanso limodzi ndi matenda ena achibadwa monga a Ellis-van Creveld, ndipo zinaoneka mwa ana a amayi amene anadya mafuta ophikira oipitsidwa ndi mankhwala a PCB ku Japan mu 1968 ndi ku Taiwan mu 1979. Komabe makanda ambiri otere alibe vuto lina lililonse.

Chifukwa cha zimenezi, dokotala wa mano masiku ano sathamangira kuzula. Dzino likakhala lolimba amalisiya, mwina n'kungosalaza nsonga yake, chifukwa likazulidwa pamakhala mpata kufikira dzino lachikulire litamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6. Amazula ngati likugwedera kwambiri moti lingasomphoke n'kumutsamwitsa mwana, kapena ngati likuvulaza lilime ndi bere la mayi, ndipo asanazule amatsimikiza kuti khandalo lalandira vitamini K, amene amathandiza magazi kuundana, popeza m'masiku 10 oyambirira thupi lake limakhala lisanayambe kupanga wokwanira. Zimene zimaunikidwa makamaka tsopano ndi ziwiri: kulimba kwa dzinolo ndi kayamwidwe ka mwana.