Kaputeni Sasankhidwa ndi Mtima

Ku Mabvuku, Tafara, Mufakose ndi Mbare, komwe kumakhala zidzukulu zambiri za Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito mu Harare, mpira wa ku England sungoonereredwa ayi. Achinyamata ambiri ali ndi matimu awoawo pafoni mu Fantasy Premier League. Aliyense amapatsidwa ndalama zongoyerekeza zokwana mapaundi 100 miliyoni kuti agule osewera 15, osapitirira atatu a timu imodzi. Likamafika Lachisanu, mkangano pa WhatsApp umakhala umodzi: ukaputeni upite kwa ndani?

Mkanganowu ndi womveka, chifukwa mapointi a kaputeni amawirikizidwa kawiri. Wakutsogolo akagoletsa amapeza mapointi 4, wapakati 5, wakumbuyo 6, ndipo wopatsira mpira wobala chigoli amapeza 3. Ukalakwitsa apa, sabata yonse yapita. N'chifukwa chake mawu a ziwerengero ndi ofunika kuwamvetsa bwino.

Oyamba ndi xG. Mpira uliwonse womenyedwa kugolo umapatsidwa nambala ya pakati pa 0 ndi 1, yosonyeza mwayi woti ulowe, potengera malo amene wamenyedwera ndi mmene wafikira. Penate imayandikira 0.8, pamene chimpira chakutali sichifika n'komwe 0.1. Tiyerekeze osewera awiri. Wina wagoletsa katatu ndi mipira yakutali, xG yake ili pansi. Mnzake wagoletsa kamodzi kokha, koma masewero aliwonse akupezeka pakhomo pa golo ndipo ndiye womenya mapenate. Ambiri amathamangira woyambayo poona "form", yomwe imangowerenga mapointi a masiku 30 apitawo. Komatu chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mwayi umatha, pamene wopeza mipata yabwino amagoletsabe. Mnzake wa xG ndi xA, yomwe imayeza mipata imene wosewera akukonzera anzake.

Kenako pali FDR, manambala a 1 mpaka 5 osonyeza kulimba kwa timu yokumana nayo. Kusewera pakhomo ndi timu ya 2 n'kosiyana kutali ndi kupita koyenda kwa timu ya 5. Muonenso mphindi zimene wosewera akupatsidwa. Kaputeni akapanda kulowa m'bwalo, wachiwiri wake amatenga udindowo. Koma akalowa mphindi zisanu zomaliza, mumangokolola pointi imodzi yowirikizidwa.

Mawu ena ndi "ownership", chiwerengero cha anthu amene ali ndi wosewerayo. Mu 2024/25 Mohamed Salah anagoletsa zigoli 29 napeza mapointi 344, ndipo amene ankamuthawa ankangotsalira. Wosewera amene wasankhidwa ndi anthu ochepa amatchedwa "differential". Ameneyu ndi chida cha munthu amene watsalira mu ligi ya anzake ndipo akufuna kuwapeza. Amene ali pamwamba alibe chifukwa chodziikira pangozi yotere. Triple Captain, yowirikiza mapointi a kaputeni katatu, ndi bwino kuisungira "double gameweek", pamene timu ikusewera kawiri m'sabata imodzi.

Chiyeso chachikulu ndi chikondi. Marshall Munetsi, amene anakulira ku Mabvuku, atapita ku Wolves mu February 2025, kwawoko kunali chimwemwe, ngati mmene Azimbabwe ananyadira Peter Ndlovu ku Coventry ndi Benjani Mwaruwari ku Portsmouth. Kumuika mwana wakwanu mutimu n'kwabwino, koma ukaputeni umafuna womenya kugolo kawirikawiri.

Ziwerengero sizilosera kuti Loweruka kuchitika chiyani. Zimangokuuzani komwe mwayi wachuluka, ndipo pa masabata 38 wotsata mwayi wochulukawo ndiye amapita patsogolo. Choncho musanadine batani, funsani zinthu zitatu: kodi ayamba masewero, akupeza mipata, nanga akukumana ndi ndani? Ndipo musachedwe, chifukwa mwayi wosintha umatsekedwa kutatsala mphindi 90 kuti masewero oyamba ayambe.