Mbiri ya Kuwala kwa Cherenkov

Munthu wokhala ku Hatcliffe, kumpoto kwa Harare, akaima pabwalo usiku wopanda mwezi, pamutu pache pamagwa kuwala kwina kumene maso sangathe kukuona. Kuwalako si kwa nyenyezi ai. Kumabadwa mumpweya wa dziko lino lapansi, kung'anima kamphindi kochepetsetsa ndi kuzima. Anthu a sayansi amakutcha kuwala kwa Cherenkov, ndipo kunakhala kopanda nchito kufikira munthu wina anafunsa kuti kodi kumalowera kuti.

M'chaka cha 1934, Pavel Cherenkov, mwana wa alimi a ku Russia, anali kuphunzira pansi pa Sergey Vavilov pa Lebedev Institute. Nchito yache inali kuyesa madzi osakaniza ndi mchere wa uranium, kuona umo amawalira akaombedwa ndi cheza cha radium. Tsono anazizwa poona kuti ngakhale madzi oyera opanda kanthu anali kutulutsa kuwala kobiriwira ngati thambo. Popeza kunali kofooka ndithu, iye ankayamba wakhala mumdima nthawi yaitali kuti maso azolowere, pakuti maso ndiwo anali chiyesero chache. Anatenthetsa madziwo, nathiramo mankhwala ozimitsa kuwala, koma sikunasinthe. Vavilov anaganiza kuti kumachokera ku tizidutswa totchedwa maelekitironi, timene cheza chimatithamangitsa m'madzimo.

M'chaka cha 1936 Cherenkov anapeza chinthu chachikulu. Nyali imawalira mbali zonse, koma kuwala uku kunali kupita kutsogolo kokha, mopendekera pambali pa njira ya elekitironi. Pa ichi Ilya Frank ndi Igor Tamm anamangapo malongosoledwe ao m'chaka cha 1937.

Nzeru yache ndi iyi. Kumene kulibe kanthu konse, kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi, ndipo palibe chingakupose. Koma m'madzi kumachedwa, kumayenda makilomita 225,000 okha, kotero elekitironi yaliwiro ingathe kukusiya m'mbuyo. Mwana woyenda pa ulalo wa dziwe, namagwetsa timiyala m'madzi kamodzikamodzi, aonetsa chimene chimachitika. Kamwala kali konse kamapanga funde lozungulira. Mwanayo akayenda pang'onopang'ono, mafunde amamtsogolera. Akafulumira koposa mafunde, onse amatsalira m'mbuyo, ndipo m'mphepete mwao mumalumikizana kukhala mizere iwiri yokomana pamene pali mwanayo. M'kati mwa madzi elekitironi imachita chomwecho kumbali zonse, ndipo kuwala kumakhala ngati tsindwi la nkhokwe, nsonga yache ili pa elekitironiyo. Kukagwa pakhoma loyang'anizana nako, kumalemba mkombero.

Phindu lonse lili pa kupendekako. M'madzi, kachidutswa kothamanga koposa kamatulutsa kuwala kopatuka madigiri 41 pa njira yache. Kakachepa liwiro, madigiri amachepanso, ndipo kakalephera kuposa kuwala sikatulutsa kanthu. Chotero woyesa mkombero adziwa liwiro la kachidutswako, ndi kumene kachokera, ngakhale sanakaone ndi maso.

Dziko silinafulumire kubvomereza. Magazini ya ku London yotchedwa Nature inakana kalata ya Cherenkov, ndipo inasindikizidwa ku America mu Physical Review m'chaka cha 1937. Pambuyo pache kunadziwika kuti Mngelezi wina, Oliver Heaviside, anali atalemberatu za kuwala kotere cha m'ma 1888, koma mau ache anaiwalika. Mphotho ya Nobel inafika m'chaka cha 1958 kwa Cherenkov, Frank ndi Tamm. Vavilov sanailandire, popeza anamwalira m'chaka cha 1951. Lero kuwalako kumaoneka ndi maso m'madzi ozungulira ng'anjo za nyukiliya, monga ya SAFARI-1 ku Pelindaba, ku South Africa, imene inayamba nchito m'chaka cha 1965.

Nanga kwa usiku kuja? Mpweya nawonso umachedwetsa kuwala, koma pang'ono pokha, kotero kupendeka kwache kumakhala ngati digiri imodzi. Cheza champhamvu chochokera kutali kwa nyenyezi chikagunda mpweya, chimabala tizidutswa tochuluka tothamangira pansi, ndipo timeneti timang'anima pamtunda wa makilomita ngati 10. Pofika pansi kuwalako kumakhala kutafalikira pa bwalo la mamita ngati 250 m'mimba mwache. M'chaka cha 1953, William Galbraith ndi John Jelley a ku Harwell, ku England, analengeza kuti akuona kung'animako ndi galasi loikidwa m'chibekete cha zinyalala, pamodzi ndi kachipangizo komva kuwala.

Mdzukulu wa chibekete chimenecho ali mu Afirika. Pa mapiri a Khomas ku Namibia, kumene thambo limayera ndi mitambo imasowa, maiko angapo anamanga makina otchedwa H.E.S.S., pokumbukira Victor Hess amene anatulukira cheza cha kuthambo m'chaka cha 1912. Oyamba anayamba nchito m'chaka cha 2002, nakwana anai, ali onse ndi galasi la mamita 12. Achisanu, a mamita 28, anaonjezedwa m'chaka cha 2012. Ali onse amajambula kung'anima komweko ali pa malo ache, ndipo pamene mizere ya zithunzizo ikomana ndipo pachokera chezacho. Mwa njira imeneyi apeza malo ambiri otulutsa cheza champhamvu m'thambo la kumwera, ena mwa iwo zotsala za nyenyezi zimene zinaphulika kalekale. Thambo limenelo ndi lomwe limaoneka ku Hatcliffe, ku Lusaka ndi ku Lilongwe usiku uli wonse.