Kupanga tisitima tamatabwa

Kupanga tisitima tamatabwa ndi luso la manja limene anthu amachita pa nthawi yopuma, makamaka ku Ulaya ndi ku America. Munthu amagula bokosi lokhala ndi pulani, timatabwa todulidwa kale, ulusi, nsalu ya matanga ndi tizitsulo tamkuwa, kenako amalumikiza yekha mpaka kasitimako kafanane ndi sitima yeniyeni yapamadzi.

Mbiri

Tisitima tamatabwa tinkapangidwa kale ku Iguputo. M'manda a Meketre ku Thebes munapezeka tisitima totere mu 1920, topangidwa zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Masiku ano mabokosiwa amapangidwa ndi makampani monga Billing Boats ya ku Denmark, Amati ya ku Italy ndi Artesanía Latina ya ku Spain. Sitima zimene zimatsanziridwa kawirikawiri ndi HMS Victory ya mu 1765 ndi Cutty Sark ya mu 1869.

Kapangidwe

Kukula kwa kasitima kumatsatira sikelo. Pa sikelo ya 1:72, sentimita imodzi imaimira masentimita 72 a sitima yeniyeni.

Wopanga amayamba ndi msana wa sitima, n'kumata nthiti zake ndi guluu. Ntchito yovuta kwambiri ndi kukuta nthitizo ndi timatabwa topyapyala. Timatabwati amayamba atiniika m'madzi otentha kuti tipindike osathyoka. Msana ukapindika poyambirira, kasitima konse kamakhala kokhota. Pomaliza amaimika milongoti ndi kumanga zingwe chimodzichimodzi.

Kasitima kakakulu kamatha kutenga miyezi kapena zaka, n'chifukwa chake oyamba kumene amalangizidwa kuyamba ndi kabwato kosavuta.