Christina wa ku Markyate, Namwali Amene Anakana Ukwati Wokakamiza

Kale lomwe, ngati m'caka ca 1096, m'mudzi wa Huntingdon ku England munabadwa mwana wamkazi dzina lace Theodora, amene pambuyo pace anadziwika ndi dzina lakuti Christina. Ali wamng'ono anapita ndi makolo ace, Autti ndi Beatrix, kukaona nyumba ya amonke ku St Albans, ndipo analumbira mumtima kuti sadzakwatiwa, koma adzatumikira Mulungu yekha.

Atakula, Bishopu Ranulf Flambard wa ku Durham anamkhumba, namgwira m'cipinda cace. Namwaliyo anapempha kuti ayambe watseka citseko. Koma anaturuka, nacitsekera kunja, nathawa. Pofuna kubwezera, bishopuyo anautsa mnyamata wa banja lomveka, Burthred, kuti akamfunsire. Makolo anakondwera, naumiriza mwana wao kufikira anabvomera ndi pakamwa pokha, koma kulowa m'banja anakana ndithu. Usiku wina iwo analowetsa mnyamatayo m'cipinda cace, koma Christina anabisala polendewera pa msomali kuseri kwa nsaru ya pakhoma. Amace anamkwapula kolimba. Mlandu unafika kwa Bishopu Robert Bloet wa ku Lincoln, amene poyamba anaweruza mokomera namwaliyo. Koma atalandira cokometsera mlandu anatembenuza mau ace.

Pamenepo Christina anabvala zobvala za mwamuna, nathawa pa kavalo. Anabisala zaka ziwiri ku Flamstead kwa mai wopemphera, Alfwen, ndi zaka zinai ku Markyate, m'kacipinda kopanikiza kotsekedwa ndi cipika, posungidwa ndi mmonke wokalamba, Roger. Potsiriza Burthred anammasula, ndipo Thurstan, bishopu wamkuru wa ku York, anathetsa ukwatiwo. M'caka ca 1145 ku Markyate kunakhazikika nyumba ya akazi opemphera, ndipo iye ndiye anali mkuru wao. Pambuyo pace Papa Alexander III (1159–1181) analimbikitsa lamulo lakuti comanga ukwati ndico kubvomera kwa eni ace awiri.

Mbiri imeneyi siili kutali ndi cigwa ca Luangwa. Mphunzitsi wa ku Msoro kapena kwa Jumbe adziwa umo dzina la mtsikana limazimirira m'kaundula atangotha msinkhu, cifukwa makolo ndi atsibweni apangana kale ndi mwamuna. Christina anazunzika zaka zambiri pakuti amene anayenera kumchinjiriza ndiwo anamgulitsa. Anapulumuka cifukwa ena anamtsegulira khomo. Lero lamulo liri kumbali ya mwana: m'caka ca 2023 Zambia anakhazikitsa kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'ukwati uli wonse, ngakhale wa mwambo. Koma lamulo silizindikira mpando wopanda mwini m'kalasi; amauona ndi mphunzitsi. Cotero nkoyenera kuti iye afulumire kukaonana ndi makolo ndi amfumu, madzi asanafike m'khosi.