Mbiri ya kwathu ku Chiuta imayambira pati?

Sabata yatha ndimalemba ntchito ya m'kalasi yokhudza mbiri ya kwathu, m'mbali mwa nyanja ya Chiuta ku Machinga. Chiganizo choyamba chokha chinandidyera ola lathunthu. Dikishonale ya Chingerezi imaika mawu oti beginning, start ndi origin pamodzi ngati ofanana, koma nditawaganizira m'Chichewa ndinaona kuti pali kusiyana.

Chiyambi chimakhala ndi tsiku loti munthu angalitchule. Gwero ndi pomwe madzi amatumphukira, ndipo sasiya kutuluka. Muzu suoneka, koma ndi umene umagwira mtengo.

Mabuku a atsamunda ankakonda chiyambi. Kwa iwo mbiri ya dera lino imayamba mu 1859, pomwe David Livingstone adafika pa nyanja ya Chilwa, kapena mu 1891, pomwe Britain idalengeza ulamuliro wake n'kugwirizana ndi Apwitikizi za malire. Malire amenewo ndi omwe adagawa anthu a m'mbali mwa Chiuta, ena ku Malawi ena ku Mozambique. Koma Anyanja ankasodza m'madzi amenewa Mzungu asanabwere. Ayao adafika kuchokera kum'mawa chapakati pa zaka za m'ma 1800, ndipo Alomwe ambiri adayamba kuwoloka kumapeto kwa zaka zomwezo pothawa nkhanza za Apwitikizi. Ndikalemba kuti zonse zidayamba mu 1891, ndiye kuti anthu onsewa ndawafufuta.

Ndinaimbira foni agogo anga aakazi kuwafunsa kuti banja lathu lidayamba liti. Sanatchule chaka. Anatchula amayi awo, kenako agogo awo, mpaka mayi amene adatsogolera mbumba kuchokera tsidya lija. Iwo amawerenga mizu, osati masiku.

Nyanja yomweyi imaphunzitsanso. Madzi akachuluka amatsikira kumpoto ku Amaramba, komwe mtsinje wa Lugenda umayambira, n'kukathira mu Ruvuma mpaka ku nyanja ya mchere. Munthu wa ku Niassa akamamwa madzi a mu Lugenda safunsa kuti adayamba chaka chiti, amangodziwa kumene amachokera.

Zaka ndazisiya m'nkhani yanga, chifukwa mbiri yopanda zaka imasokoneza. Koma pamutu ndafufuta mawu oti chiyambi n'kulembapo magwero. Mphunzitsi akandifunsa chifukwa chake, yankho ndili nalo: chiyambi chimasankhidwa ndi wogwira cholembera, ndipo ulendo uno cholemberacho chili m'manja mwa mdzukulu wa ku Chiuta.